Choyesera pa Miyendo Yotuwa

Chaka chimenecho ndinataya izi: mkazi wanga, wailesi yomwe inabwerekedwa pamaliro osabweranso, chizolowezi chodya m'mawa, ndi njira yachidule yopita kusukulu, chifukwa inkadutsa kumanda. Nyumba nayo inali pafupi kundichoka. Ndinali mkamwini m'mudzi wina cha ku Chiringa, ndipo kumeneko mkazi akamwalira, abale ake amamanga chiliza, kenako amakusudzula, iwe n'kumanga katundu panjinga kubwerera kwanu.

Amalume a mkazi wanga, mwini mbumba, anandiimitsa Lamulungu tikutuluka m'tchalitchi.

"Akamwini, mmisiri akubwera Loweruka. Mawu apachiliza mulembe ndinu. Inu munafika kukoleji. Ife tingalembepo zoseketsa anthu."

Ndinavomera. Mizere iwiri kapena itatu, ndipo ndinali ndi sabata yathunthu. Ndicho chinthu chomaliza chimene ndikanasiya m'mudzimo, ndiye ndinkafuna chisandichititse manyazi.

Sabata yomweyo ndinkayenera kuphunzitsa Sitandade 7 masitepe olembera chimangirizo. Pulayimale yaulere inali itangoyamba kumene, ana anali thithithi mpaka pakhomo, onse pansi. Lolemba ndinalemba pabolodi monga anatiphunzitsira kukoleji: kusonkhanitsa maganizo, kulemba koyesera, kuwerengetsa mnzako ndi kusintha, kukonza zolakwika, kulemba komaliza mwaukhondo. Mutu wake unali "Tsiku la msika".

Monitala wa kalasi anaimika dzanja. Anali mtsikana wamkulu ndithu, yemwe anasiyapo sukulu n'kubwereranso fizi itathetsedwa, ndipo ankayankhula nane ngati ndine mlongo wake wamng'ono amene wangovala tayi.

"Sala, ndiye kuti chinthu chimodzi tichilembe kawiri?"

"Mwinanso katatu."

"M'kope la ndani?"

Kalasi yonse inagwa nako kuseka. Funsolo linali lomveka. Makope awo anali odulidwa pakati ndi mpeni kuti limodzi likwanire ana awiri apanyumba, ndipo m'theka limenelo munkakhala masamu, sayansi, Chingerezi ndi zaulimi mopanikizana ngati anthu m'matola. Ndinangoti lamulo ndi lamulo, mawa ndione choyesera ndi chomaliza.

Lachiwiri onse anabweretsa zonse ziwiri. Ndinakondwera kwa mphindi zingapo, mpaka nditazindikira kuti zoyesera zonse zinali za mizere itatu basi, zokhwatchidwa bwinobwino ndi rula. Wina analemba kuti "kumsika ndinagula ndege", n'kukhwatcha "ndege", pamwamba pake n'kulembapo "matemba". Ndinamuimika mwini wake.

"Iwe, unayamba waganizadi kuti unagula ndege?"

"Ayi sala. Tinayamba n'chomalizacho. Choyeseracho tapanga m'mawa uno panjira." Anakanda kumutu. "Zolakwika zake n'zimene zativuta kupeza."

Njira inachokera kwa monitala. Unali mwezi wa Julaye, mphepo yochokera ku Michesi itatuwitsa aliyense ngati wagona m'phulusa. Ana akumeneko amadziwa kale kuti khungu lotuwa limalembeka ndi kamtengo, ndimo mmene amawerengera masamu akamaopa kuwononga tsamba. Iye anatembenukira anzake osandifunsa n'komwe.

"Mwamva? Mawa munthu asadzole mafuta. Wodzola adzalemba m'kope mwake."

Lachitatu ndinalandira kalasi yotuwa kuposa ina iliyonse m'dera lonse la Phalombe. Anyamata analemba pamiyendo, atsikana pamikono. Chofufutira chinali malovu. Ndiyenera kunena chilungamo: chiyambire ntchito yauphunzitsi sindinaonepo ana akusintha ziganizo ndi mtima wonse ngati tsiku limenelo. Kufufuta kunali kwaulere, ndiye ankafufuta ngakhale zolondola.

Mavuto anali a mtundu wina. Mnyamata wina wamfupi mwendo unamuthera ali pa chiyambi, thunthu anakalemba pamwendo wa mnzake, ndipo mnzakeyo atapita kukataya madzi, iye anakhala kudikira chimangirizo chake kuti chibwerere. Wina wamtali ngati nsungwi analemba chimangirizo chachitali kuposa zonse za moyo wake, koma mathero anakagwera kuseri kwa bondo, kumene iye mwini sakanatha kuwerenga.

Kenako inafika sitepe yachitatu. Kukoleji ankati apa ana amasinthana makope. Kuno kunali kusinthana miyendo. Aliyense anaika mwendo pa ntchafu za mnzake, wowerenga atagwira kamtengo.

"Sala, uyu akundikanda dala!"

"Ndikukonza ndime, sala. Ndime yake ndi yokhota."

"Yokhota ndi miyendo ya abambo ako!"

Ahedi anasuzumira pakhomo phokoso litawafika ku ofesi. Anayang'ana miyendo ili m'mwamba ija kwa kanthawi.

"Aphunzitsi, kodi kwagwa mphere?"

Ndinawafotokozera kuti iyi ndi sitepe yachitatu mwa masitepe asanu. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Yachinayi musandiitane."

Lachinayi mnyamata wamtali uja anafika akuwala ngati botolo, nkhope ili khwinya.

"Amayi andisambitsa choyesera, sala. Ndinawauza kuti ndi homuweki. Anati homuweki yake ndi iyi, n'kutenga mwala wokhulira mapazi."

Masiku onsewa ine ndinali ndi choyesera changa, cha mawu apachiliza aja. Nthawi ya buleki ndinkakhala patebulo langa pakona ya kalasi, n'kumalemba kuseri kwa mapepala a mayeso akale. "Duwa lathothoka lisanaone dzuwa la masana." Ndinkalipinda n'kuliponya m'katoni. "Nyenyezi ya moyo wanga yazima." M'katoni. Panalinso ina ya njiwa, imene sindiibwereza pano. Chilichonse chinkamveka ngati ndachimvapo pawailesi, pa nthawi ya mauthenga a maliro. Ndinaiwala chinthu chimodzi: pasukulu imeneyo pepala silinkatayika. Ana ankatola m'katonimo, n'kuwongola mapepalawo powakhalira, kuti apezepo malo olembera masamu.

Lachisanu m'mawa monitala anaimirira atanyamula mpukutu wa mapepala okwinyika.

"Sala, zoyesera zanu tawerenga. Sitepe yachitatu."

Onse ankadziwa kuti mapepalawo ndi a chiyani. Theka la iwo linali pamaliro paja. Ndikanatha kukalipa. Koma lamulolo linali likadali pabolodi, m'malembedwe anga omwe.

"Chabwino," ndinatero. "Nenani."

Anayamba ndi wa ndege uja. "Palibe thunthu, sala."

"Pena mwati duwa, pena nyenyezi, pena njiwa," anatero mtsikana wina wakumbuyo. "Munatiuza nokha kuti tizisankha chimodzi."

"Komanso pepani sala," anatero monitala, "madamu sanali duwa. Duwa silithamangitsa munthu ndi tsache."

"Ineyo!" Mnyamata wamfupi uja anaimirira monyadira. "Za magwafa zija. Anandithamangitsa mpaka pamjigo. Atandigwira anayamba kuseka mmene ndinkathamangira, mpaka anandisiya, n'kukhala pansi."

"Akamaseka pamjigo timamva tili pa asembule."

"Tsiku lija ahedi anasiya pemphero pakati."

Zinali zoona, ndipo ine ndinali nditaima pambali pa ahediwo tsiku limenelo, n'kumayang'ana nsapato zanga. Monitala anaika mapepala aja patebulo mwaulemu, ndi manja awiri.

"Chichewa chake n'chabwino, sala. Kungoti mwalemba munthu wina. Ameneyu ife sitikumudziwa."

Ndinawathokoza. Kenako ndinatembenuka n'kufufuta bolodi, ndipo ndinaifufuta nthawi yaitali kuposa mmene bolodi imafunira.

Loweruka m'mawa tinakumana kumanda. Mmisiri, bambo wachikulire wosachedwa ndi mawu, anasalaza simenti ndi chipande chake n'kundipatsa msomali.

"Pano palibe labala, aphunzitsi. Mukalakwitsa zikhala choncho mpaka lipenga lidzalire. Pepala lanu lili kuti?"

Pepala ndinalibe. Ndinapinda mkono wa malaya. Nanenso sindinadzole tsiku limenelo. Ndinalemba pakhungu ndi msomaliwo kuti ndione ngati mawuwo akwana mzere umodzi, amalume akundiyang'ana ngati munthu amene akuyamba kukayika za koleji. Ndinagwada. Ndinalemba dzina lake, chaka chobadwa, chaka chomwalira. Pansi pake ndinalemba kuti ANKASEKA MOKWEZA. Zilembo zomalizira zinapendekeka pang'ono chifukwa bondo linaterera.

Amalume anawerenga akulondola ndi chala m'mwamba.

"Basi? Vesi palibe?"

"Mavesi ali pa ziliza zonsezi, amalume."

Anayang'ana mmisiri. Mmisiri anagogoda m'mphepete ndi chala.

"Yayamba kugwira. Nokha mukuona."

Ndinadikira kuti amalume anene kuti aphwanye aikenso ina, ndipo akanatero sindikanawatsutsa. Mbumba ndi yawo.

"Koma zoonadi," anatero pomaliza, "mwanayu anali ndi phokoso. Anatengera mayi ake."

Amayi omwe anakhala chapatali ndi zidebe za madzi anafunsa chimene chalembedwa. Wina atawauza, kunamveka phokoso lomwe sindinathe kusiyanitsa ngati ndi kuseka kapena kulira. Mwina iwo eni sanasiyanitsenso.

Pobwerera amalume anayenda nane pambali. Anati mwambo wosudzula uchitika mawa lake, ndipo njinga ndi mabuku ndi zanga, palibe azilimbirana. Kenako anatsitsa mawu.

"Kodi anakusiyirani mawu alionse? Anthu andifunsa."

Ndinati ayi. M'njira imene iwo ankafunsira, silinali bodza. Tonse tinkayesa kuti ndi malungo wamba, oti pofika Lolemba adzakhala akutunga madzi. Uthenga unandipeza masana ndili m'kalasi. M'mawa wa tsikulo ndinamusiya atagona pamphasa pakhonde, akuwothera dzuwa, atafunda chitenje mpaka m'khosi. Ndinali nditachedwa, ndikukankha njinga, ndipo ndinangoti ndapita osatembenuka. Anandiitana ndili kale pampanda.

"Inu aphunzitsi, kolala yapindika. Ikonzeni kaye, anthu angamati mulibe mkazi."