Sabata Imene Ndinasanduka Kazitape pa Boda

Ndili chaka chachiwiri ku yunivesite, aphunzitsi athu a zisudzo anatipatsa ntchito yokachita pa holide. Anali bambo wamtali, wa ndevu za pachibwano pokha, amene anakaphunzira kunja ndipo sankalola kuti wina aiwale zimenezo. M'kalasi ankalowa osavala nsapato, ati mapazi azilankhulana ndi nthaka, chonsecho pansi pake panali simenti. Teremu yonseyo tinaithera pophunzira kupuma. Kupuma ndi mimba, kupuma ndi nthiti, kugona chagada n'kumaganiza kuti ndife madzi. Tsiku lina anatiuza kuti tikhale mitengo kwa ola lathunthu, ndipo mnzanga wina anakalipiridwa chifukwa mtengo wake unalibe cholinga.

"Mukapita kwanu," anatero tsiku lotsekera, "aliyense akasankhe munthu mmodzi. Munthu weniweni, osati wa m'mutu mwanu. Mukamuonetsetse sabata yathunthu: mayendedwe ake, kaimidwe, kasekedwe, kagwiridwe ka kapu. Zonse muzikalemba m'kope. Koma asadziwe. Akangodziwa ayamba kuchita sewero, ndiye kuti mwamutaya. Pobwera kuno mudzatisonyeza munthuyo kwa mphindi zisanu."

Kwathu ndi ku Mwanza, kufupi ndi boda. Mayi anga ankagulitsa manachesi m'mbali mwa msewu, pamene mathiraki amandandana podikira mapepala. Aliyense pamalopo ankadziwa kuti mwana wawo wamkazi ali ku yunivesite, koma chimene ankaphunzira palibe ankachidziwa, chifukwa mayi akafunsidwa ankangoti, "Zinthu zake n'zambiri." Ndinawauzapo kamodzi kuti ndikuphunzira zisudzo. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandifunsa ngati boma likudziwa kuti kumeneko kukuchitika zoterozo. Sitinaikambenso nkhaniyo.

Munthu wanga ndinamupeza Lolemba m'mawa. Anali mmodzi wa ma ejenti, aja amathandiza madalaivala kukonza mapepala a katundu. Bambo wamfupi, wovala tayi ngakhale kunja kutenthe bwanji. Sankayenda ngati anthu ena. Ankathamanga mwakang'onong'ono, mutu uli patsogolo, miyendo ikulondola m'mbuyo, m'khwapa atapana fayilo yofiira. Akafika pa thiraki ankagogoda chitseko ndi kiyi n'kunena kuti, "Amigo, zatheka," asanamve n'komwe chimene dalaivalayo akufuna. Akamalankhula ndi iwe, maso ake amakhala ali kale pa munthu wotsatira. Ndipo akaima, ankakweza buluku ndi zigongono, poti manja onse anali ndi ntchito.

Masiku awiri oyamba ndinakhala pa chitini pambali pa mayi, kope lili pabondo, ndikulemba. Lachitatu ndinaona kuti kukhala malo amodzi kukundimana zambiri, ndiye ndinayamba kumutsatira. Kuti asandizindikire, ndinavala magalasi akuda amene ndinabwereka kwa mnzanga wa ku hositelo. Pa boda ponse panalibe mkazi wina wovala magalasi akuda. Iye akaima, ine ndinkaimanso n'kumayang'ana mawilo a thiraki ngati ndikufuna kuigula. Akayenda, ine m'mbuyo, cholembera m'manja.

Zinthu zinayamba kusintha, koma ine ndinazimva molakwika. Azibambo amene anandiona ndikuyenda wopanda nsapato ndili mwana anayamba kundipatsa moni wa manja awiri: "Mwaswera bwanji, madamu?" Osintha ndalama amene ankaima pansi pa mtengo winawake anasamuka onse osatsanzika. Anthu a njinga otulukira m'tinjira ta kutchire atanyamula matumba ankati akandiona, n'kukumbukira kuti aiwala kanthu kumene achokera. Wa chipisi anandiwonjezera kawiri, ndalama n'kukana. Ndipo manachesi a mayi, amene masiku onse ankafika mpaka madzulo, anatha isanakwane teni koloko. Anthu ankagula mulu wonse osanenerera.

"Chaka chino akoma," anatero mayi akukutumula thumba.

Ine ndinkaganiza kuti anthu a kwathu ayamba kulemekeza maphunziro. Lachinayi bambo wina amene sindinkamudziwa anabwera n'kuima pafupi nane, chipewa chili m'manja, n'kuyamba kundifotokozera kuti shuga amene ndinamuona naye dzulo lake anali wa pamaliro. Sindinamufunse kanthu, komanso shugayo sindinamuone n'komwe. Koma poti aphunzitsi anati tizilemba zonse, ndinalemba. Bamboyo ataona cholembera chikuyenda anatuluka thukuta, n'kuwonjezera kuti malirowo anali a munthu wodziwika kwambiri.

Chimene chinandidandaulitsa chinali munthu wangayo. Anayamba kuwonongeka. Anasiya kuthamanga. Ankayenda mwaulemu ngati akupita kukapereka chopereka kutchalitchi. Mawu aja oti "zatheka" anatha. Madalaivala nawo akamuona akubwera, ine ndili m'mbuyo mwake, ankakweza magalasi n'kunamizira kugona. Lachinayi lonse sanagwire thiraki ngakhale imodzi. Ndinalemba m'kope kuti mwina akudwala.

Lachisanu masana, ine ndi mayi tili pakhonde, tinamva odi. Anali iyeyo. Tayi anavala, koma m'khwapa mmene munkakhala fayilo munali tambala. Anamuika pansi mosamala, n'kukhala pampando umene ndinamupatsa, osandiyang'ana.

"Mayi," anayamba, "ine ndi inu tadziwana kalekale. Manachesi anu ndagula osawerengeka. Ndili ndi ana asanu. Ndabwera kudzamva mlandu wanga."

"Mlandu wanji, bambo?"

"Afunseni achemwaliwa. Pa boda ponse akudziwa kuti anatumidwa ndi akuluakulu ofufuza za katangale. Ine sindikukana kufufuzidwa. Koma bwanji ine ndekha? Alipo anzanga amanga nyumba za malata a mtundu. Ine ndikukhala ya lendi."

Mayi anatembenuka pang'onopang'ono. "Iwe, katenge kope lija."

Ndinakatenga.

"Werenga."

"Mayi, ndi za kusukulu."

"Werenga, bambowa amve."

Ndinatsegula tsamba loyamba. Ndinawerenga mothamanga ngakhale ndinaphunzira kupuma teremu yathunthu. "Lolemba, naini koloko. Akweza buluku ndi zigongono. Kanayi. Hafu pasiti naini. Athamangira thiraki yobiriwira, mutu wafika kaye, miyendo pambuyo. Teni koloko. Aseka osatsegula mano. Akanda khutu ndi kiyi."

Tambala yekha ndi amene anasuntha.

"Pitirizani," anatero bamboyo.

"Zonse n'zotero, bambo. Masamba khumi ndi awiri."

"Za ndalama mulibe?"

"Mulibe."

"Ndiye lipoti limeneli likupita kwa ndani?"

Ndinafotokoza mmene ndikanathera: kuti ndi ntchito ya kusukulu, kuti ndikabwerera ndikaima pamaso pa anzanga n'kukhala iyeyo kwa mphindi zisanu. Sanamvetse. Anayang'ana mayi kuti amuthandize. Mayi anayang'ana pansi, anakonza chitenje, kenako ananena motsitsa ngati akulengeza za matenda a m'banja: "Amaphunzira zisudzo." Aka kanali koyamba kuwamva akutchula mawuwo.

Nkhope ya bamboyo inadutsa m'zigawo zitatu, ndipo ndimadandaula mpaka lero kuti sindinalembe. Poyamba mapewa anatsika, anapumira m'mwamba. Kenako anakwiya: masiku awiri osagwira ntchito, mkazi wake osadya, chifukwa cha sewero. Koma mkwiyowo sunakhalitse, chifukwa panabwera funso lina.

"Pa anthu onse a pa boda, munasankha ine?"

"Eya, bambo."

"Chifukwa?"

"Mumaoneka. Ena onse amangoyenda."

Anakonza tayi. "Tandisonyezani."

Ndinakana, koma mayi anati munthu wavutika kale, aone chimene wavutikira. Ndinatenga mbale yofiira ya pulasitiki n'kuipana m'khwapa, ndinaponya mutu patsogolo, n'kuthamanga mwakang'onong'ono kudutsa pabwalo. Ndinagogoda chitseko cha kukhitchini n'kunena kuti, "Amigo, zatheka." Mayi, amene ankachita manyazi ndi maphunziro anga kwa zaka ziwiri, anaseka mpaka anatsamira chipupa, misozi ili mbwembwembwe.

Bamboyo sanaseke. "Ameneyo si ine," anatero. "Ameneyo ndi munthu wosokonezeka. Ngati mukukandionetsa kwa anthu ophunzira, mukandionetse bwino. Mawa ndibwera."

Anadzuka, anatsanzika, ndipo tambala uja anabwerera naye. Mayi anamuyang'ana tambalayo mpaka bamboyo anakhota.

Anabweradi Loweruka, n'kubweranso Lamulungu atachoka kutchalitchi. Anandiphunzitsa kukhala iye mmene iye ankadzionera. Chifuwa patsogolo. Mapazi pang'onopang'ono. Fayilo m'dzanja lamanja, osati m'khwapa. Poyankhula, kuyamba waima kaye, kuyang'ana kutali ngati ukuona mapiri a ku Mozambique, ndiye n'kunena ndi mawu okhuthala kuti, "Bwana dalaivala, vuto lanu lafika pa munthu woyenera." Mawu amenewa sindinamumvepo akuwanena sabata yonseyo. Ankandibweza kakhumi konse. Kunena zoona anali wovuta kuposa aphunzitsi athu.

Popuma anandiuza zina zimene sizikanalowa m'kope la munthu wobisala kuseri kwa thiraki. Anabadwira tsidya linalo, anawoloka nthawi ya nkhondo ali mnyamata, ndipo Chingerezi anachiphunzirira pa mafomu omwewo, liwu limodzi limodzi. Nditamufunsa chifukwa chake amathamanga, anayamba wakana kuti sathamanga, kenako anati, "Dalaivala akaona ejenti akuyenda pang'onopang'ono amadziwa kuti agona pa boda. Ukathamanga, mtima wake umakhala pansi, ngakhale kumene ukuthamangirako ukukangoima pamzere." Anandichenjeza kuti zimenezo ndisakaike m'sewero.

Nkhani inafala msanga. Lolemba lotsatira ulemu wonse unatha. Osintha ndalama anabwerera pansi pa mtengo wawo. Wa chipisi anayambanso kuwerenga mbatata imodzi imodzi. Ndikamadutsa anthu ankati, "Uyo wa sewero uja," ena n'kumandipempha kuti ndiwayeserere apongozi awo. Bambo wa shuga uja anabwera kudzapempha tsamba lake, ndipo ndinamung'ambira. Manachesi anayambanso kufika madzulo.

"Ukanangokhala chete mpaka nyengo ya manachesi ithe," anatero mayi.

"Munati ndiwerenge ndinu."

"Ukanawerenga zina."

Titatsegulira, tinasonkhana m'chipinda chathu chochitira masewero. Mnyamata wina wa m'kalasi mwathu anasonyeza wamisala wa pamsika wa kwawo. Anagubuduka pansi, analankhula ndi nsapato yake, analira. M'mawa wa tsiku lomwelo anali atandiuza yekha kuti holide yonse anaithera pa bawo ndipo wamisalayo anamupekera m'minibasi pobwera. Aphunzitsi anatseka maso nthawi yaitali, kenako anati, "Mwaona? Choonadi sichibisika. Uyu anakhala naye munthuyo."

Itafika nthawi yanga, ndinachita zimene ndinaona ndi maso anga: kuthamanga kuja, kiyi pachitseko, zigongono pabuluku. Kalasi yonse inaseka. Aphunzitsi anakweza dzanja ndisanamalize.

"Mwawonjezera," anatero. "Palibe munthu amayenda choncho. Izi ndi zoseketsa ana pa tsiku lotsekera sukulu. Ululu wake wamkati uli kuti? Munamuonadi munthuyu, kapena munangomupeka?"

Ndinafuna kuwauza za tambala, za masamba khumi ndi awiri, za madalaivala onamizira kugona. Koma kutero kunali kuulula kuti munthu wanga anadziwa, ndipo lamulo linali loti asadziwe. Ndinangoti ndinamuona.

"Bwerezani. Chotsani phokoso lonselo. Mupezeni munthuyo."

Ndinabwerera kukhomo, ndinapuma ndi mimba, n'kulowanso. Chifuwa patsogolo. Mapazi pang'onopang'ono. Fayilo m'dzanja lamanja. Ndinaima, ndinayang'ana kutali kupyola mawindo, n'kunena ndi mawu okhuthala kuti, "Bwana dalaivala, vuto lanu lafika pa munthu woyenera."

Palibe anaseka. Aphunzitsi anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Eya," anatero. "Uyu ndiye munthu weniweni. Mukuona kusungulumwa kwake? Akuyang'ana malire amene ali mumtima mwake." Anatembenukira kalasi n'kulankhula za malire a mumtima kwa mphindi makumi awiri, anzanga akulemba. Ndinakhoza bwino, wachiwiri kwa wamisala uja.

Pa holide yotsatira ndinakumana ndi ejenti uja pafupi ndi pamene mayi ankagulitsira. Anandifunsa mmene zinayendera, ndipo ndinamuuza zonse osabisa: kuti zanga zinakanidwa, zake zinalandiridwa. Anamvetsera mwachifatse, osadabwa ngakhale pang'ono.

"Aphunzitsi anuwo ndi munthu wophunziradi," anatero. "Mukawapatse moni."

Kenako anatsitsa mawu n'kundiuza kuti ngati chaka chamawa kudzafunikenso munthu, ali ndi mlamu wake ku Zobue, tsidya linalo la boda, wogulitsa matayala, amene wamva nkhaniyi ndipo ndi wokonzeka. Wayamba kale kuyeserera. Ndinamuuza kuti chaka chachitatu timaphunzira za magetsi a pa siteji. Anati palibe vuto, mlamuyo adikira.