Fomu yopanda yankho lakuti sitinadye

Chaka cha njala chija, bungwe lina linandilemba ntchito ku Balaka yokonza fomu ya pafoni yolembera mabanja ofunika kulandira chimanga. Pa funso lakuti "Dzulo munadya chiyani?" ndinaika mayankho anayi oti mlembi adine: chimanga, mpunga, chinangwa, mbatata. Akapanda kudina, fomuyo inkakana kupitirira.

Patatha milungu iwiri ndinapita kwa Kawinga kukaona alembi akugwira ntchito. Mayi wina wachikulire anayankha funsolo motsitsa mawu: "Iyayi bambo, sitinadye."

Mlembi anangodina chinangwa kuti fomuyo ipitirire. Anandiuza kuti ankatero tsiku lililonse. Pamenepo n'kuti kompyuta ya bungwe lija ikuika onse odya chinangwa m'gulu la omwe angathe kudikira.

Mayankho anayi aja ndinawalemba nditakhuta.