Amuna anga ndi kamuvi kophethira

Amuna anga anayendetsa minibasi zaka zambirimbiri pakati pa Limbe ndi Blantyre, ndipo moyo wawo wonse anali asanaimirepo njinga. Ndikunena zoona. Kwathu wapanjinga akamva hutala kumbuyo amadziwa yekha kumene kuli ngalande. Ndiye taganizani munthu wotereyu afike ku Dublin, n'kuuzidwa kuti laisensi yake yakumudzi kuno siigwira ntchito, ayambirenso ngati mwana wa sitandade wani.

Ine ndinatsogola kubwera kuno. Ndimasamalira okalamba chaku Beaumont, ndipo laisensi ya kuno ndinali nayo kalekale iwo asanafike. Lamulo limati wophunzira asayendetse yekha, pambali pake pakhale munthu wa laisensi yokhwima. M'nyumba mwathu munthu ameneyo ndinali ine, ine ndemwe amene kale ndinkapanikizana ndi kondakitala pakhomo pa minibasi, dengu la tomato pamiyendo. Tsiku limene ndinamata chilembo chofiira cha L pagalasi ndinathawira kubafa kukaseka, chifukwa kusekera pamaso pawo likanatha banja.

Komatu kwa iwo sizinali zoseketsa. Ankanyamula makatoni pamalo ena osungira katundu ku Coolock. Munthu amene kale msewu wonse unkamudziwa ndi kalizidwe ka hutala ankabwera kunyumba msana uli gwa. Bwana wawo anawauza kuti pali malo a dalaivala wa vani, awasungira mpaka Khrisimasi, ikakwana alibe laisensi apatsa wina.

Chimene chinawatchingira vaniyo kanali kanthu kakang'ono. Pamphambano yaikulu ya kufupi ndi kwathu anali atakonza msewu, n'kuika kanjira ka njinga m'mphepete ndi maloboti atsopano. Wokhotera kumanzere amamuonetsa kamuvi kachikasu kophethiraphethira. Tanthauzo lake ndi lakuti khota ndithu, koma yamba wadutsitsa anjinga amene akupita kutsogolo m'kanjira kawo.

Tsiku loyamba kukumana nako, amuna anga anakayang'ana n'kupukusa mutu.

"Afa awa," anatero. "Ngakhale kuno maloboti amafa eti."

Kwathu maloboti akamaphethira chikasu ndiye kuti aliyense adzionere yekha njira. Ndisanatsegule pakamwa, iwo anali atatsitsa kale galasi, chigongono panja, mphuno ya galimoto ikulowa pang'onopang'ono, kahutala kaulemu pii pii. Mayi wina wa imvi, atavala jekete yowala, anamanga mabuleki a njinga yake pafupi penipeni ndi chitseko changa. Sanatukwane ayi. Anangotiyang'ana, woyamba ine, kenako chilembo chija, kenako ine kachiwiri. Ndinalakalaka mpando utandimeza.

"Maloboti sanafe, bambo," ndinatero. "Akuti mudikire njinga."

"Ndidikire chiyani?"

"Njinga."

"Galimoto idikire njinga? Nanga injini anaiikiramo chiyani?"

Mayeso oyamba anagwera pomwepo. Anaona wapanjinga akubwera chapatali, n'kumuyeza ndi diso monga ankachitira kale, n'kukhota asanafike. Kunyumba anandifotokozera mpaka kujambula ndi chala patebulo kuti mpata unalipo wokwana basi yathunthu. Chakudya sanachikhudze n'komwe. Ndinawamvera chisoni kwambiri, ndipo tsiku lina la mayeso limene anatipatsa linali lomaliza Khrisimasi isanafike.

Pamenepo ndi pamene ndinaganiza zosanduka njinga. Lamlungu titaweruka kutchalitchi ndinabwereka njinga ya aneba, n'kupempha mnzanga wina wa ku Zambia, namwino wa laisensi yake, kuti akhale m'galimoto m'malo mwanga. Tinapita kumene kuli mafakitale, chifukwa Lamlungu kumakhala kopanda anthu. Maloboti kunalibe, ndiye mnzangayo anadzipereka kukhala kamuvi. Akafika pokhota ankatambasula ndi kufumbata dzanja patsogolo pawo, uku akuti phethi, phethi, phethi.

"Wapanjinga aliyense muzimuona ngati ndine," ndinawauza. "Mukandigunda akuphikirani ndani?"

"Inu mayi, njinga munaikwera liti?"

Funso lawo linali lanzeru, koma ine ndinali nditakwera kale, diresi ya kutchalitchi nditaipanira m'miyendo. Ndinali ndisanapalase chichokereni kusukulu. Njinga inkapita kumene ikufuna yokha, ine ndikungoiperekeza. M'galimoto ndinkamva mnzanga akukuwa m'Chinyanja cha kwawo, "Imwe alamu, yembekezani, manje muzatipayira muntu," kwinaku akuphethirabe ndi dzanja. Tinazungulira, tinazunguliranso, iwo akuiwalabe kucheuka. Ndiye ulendo wina akukhota, ine ndinaona chitsulo chikundiyandikira, ndinachita mantha, n'kukagwera pakapinga miyendo m'mwamba. Galimoto sinandikhudze n'komwe.

Mnzanga anaseka mpaka misozi, nanenso ndinkaseka chigonere, nsapato imodzi ili uko. Koma amuna anga anatuluka chothamanga, chitseko n'kuchisiya pululu. Anandigwira mutu, anandigwira mawondo.

"Sindinakuoneni," anatero motsitsa mawu. "Ndithu sindinakuoneni."

Kuyambira tsiku limenelo khosi lawo linaphunzira. Ankayang'ana pakagalasi, kenako n'kucheukira kumanzere mwamphamvu moti ndinkaopa kuti abinya khosi. Ngakhale pokankha tolole m'sitolo ankayamba acheuka.

Tsiku la mayeso kunali kamvula kowaza, kaja kosadziwika ngati kakugwa kapena kakungoyendayenda. Ndinawadikira panja. Atabwerako anatuluka m'ofesimo akuyenda pang'onopang'ono, nkhope ili ndwii. Mumtima ndinati basi, vani yapita.

"Pamuvi paja panabwera bambo wina," anayamba. "Akupalasa ngati alibe kopita. Ndinamudikira mpaka ndinatsala pang'ono kumufunsa za kunyumba."

"Ndiye?"

"Atadutsa kunatulukiranso wina."

"Bambo, musandiphe. Ndiye?"

"Ndiye kamatuleni chilembo chanu chija."

Ndinaimba nthungululu pomwepo, pakati pa magalimoto a eni ake. Anthu anacheuka, mwina ankaganiza kuti ndi alamu ya galimoto. Ndinavina ndi ambulera, ndinamupatsa moni mlonda wosamudziwa, ndinaimbira foni mnzanga uja ali pantchito ndipo tonse tinkangokuwa osamvana. Chilembo cha L tinachimatula, n'kumata cha N, chimene amamata amene angopambana kumene. Dalaivala wa zaka zonse zija anachisalaza ndi chikhatho mosamala kuti chisapindike.

M'mawa mwake anatenga makiyi, ine mwachizolowezi n'kutenga jasi.

"Khalani, mayi. Ndipita ndekha."

Ufumu wanga unathera pamenepo, ndipo kunena zoona zinandiwawa pang'ono. Ndinatuluka wapansi kukagula buledi. Pobwerera, ndili pamphambano paja, ndinaona galimoto yathu ikubwera. Inaima pakamuvi, inadutsitsa mtsikana wapanjinga, n'kukhota. Ndisanawoloke n'komwe, iyo yatulukiranso mbali yomwe ija. Anthuni, bamboyu sankapita kulikonse. Ankangozungulira, kumanzere, kumanzere, kubwerera pakamuvi kake.

Ulendo wotsatira ndinasendera m'mphepete kuti ndiwaone bwino. Anali okhaokha, galasi lotseka, akuimba pakamwa pali yasa, zala zikuomba chiwongolero, mapewa akuvina. Chitsikireni ndege ndinali ndisanawaone mano onse chonchi. Ndinakweza dzanja, koma sanandione, maso awo anali kwa anjinga. Buledi ananyowa m'manja mwanga, ine ndili chiimire pamvula kudikira kuti adutsenso.