Dothi la ku Dowa m'kompyuta ya amalume

Madisiki atatu akuda aja ndikadali nawo, omangidwa ndi labala imene inauma kalekale. Pa yachiwiri amalume analembapo ndi bolopeni yofiira kuti "Yovuta". Sananame.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, tikukhala kunja, ku Foleshill mumzinda wa Coventry, sukulu titatsekera. Amayi anali namwino pachipatala. Amalume, mlongo wawo, kumudzi anali injiniya wa mawailesi, koma kuno ankanyamula makatoni kuweyahausi. Agogo aamuna, bambo a awiriwa, ankadwala ku Dowa, kumene kunalibe foni, ndipo kalata inkayenda masabata atatu. Zinthu zikanavuta, njira yomvera msanga inali mauthenga a maliro a pa wailesi ya kwathu. Palibe ankatchula zimenezi pakamwa. Amalume ankangoti akufuna achemwali awo azimvako nyimbo zakwathu.

Kompyuta anaitola kutchalitchi akuitaya, chibokosi chotuwa chonunkha fumbi lopserera. M'madisikimo munali pulogalamu yowerengera mlongoti wa wailesi: ukaiuza kutalika kwa waya, msinkhu wake ndi mtundu wa dothi la pansi pake, imakujambulira kumene mlongotiwo uzikokera mawu. Koma kuti ingolowa m'kompyutamo inali nkhondo. Disiki yoyamba inkalowa bwino, yachiwiri inkalira kwekwekwe ngati chigayo chopanda chimanga, kenako zii. Amalume ankaitulutsa, kuiuzira mpweya, kuyambanso. Italowa pa tsiku lachinayi, inadandaula kuti memore ndi yochepa. Anafufuta zonse, mpaka kagemu kanga ka njoka komwe. Ndinalira, ndinawakalipira m'Chingerezi, iwo n'kungoti, "Pepa mphwanga, malo achepa."

Mpaka lero ndikamva kulira kwa fani ya kompyuta thupi limandilemera. Inkawerengera masana onse. Amalume ankafika kuchokera kushifiti maso ali psuu, n'kukhala pamenepo osavula jekete. Nthawi zina atadikira maola atatu pankangotuluka mzere umodzi wonena kuti china chake chalakwika. Amayi podutsa ankati, "Achimwene, kagoneni," koma ankatero maso ali pa sikilini.

Tsiku lina chithunzi chinatuluka, chonga tsamba la mbatata, nsonga yake italoza kumwera. Tinamanga waya kuchokera pa windo lam'mwamba mpaka pa mpanda wakuseri, neba wathu akutiyang'ana atagwira kapu ya tiyi. Lamlungu titaweruka kutchalitchi tinazungulira wailesi. Munali mkokomo wokhawokha, ndi munthu wina patali akuyankhula chiyankhulo chosadziwika. Amayi anamvetsera mpaka tiyi wawo anazizira.

Sabata yachitatu amalume anapeza cholakwika. Pamene pulogalamu inafunsa za dothi, iwo sanayang'ane m'buku. Analemba manambala amene anawaloweza pamtima ali pantchito kumudzi, a dothi louma lofiira. Mlongoti wathu anauwerengera ngati waima ku Dowa, chonsecho pansi pake panali matope a ku Coventry amene sauma. Anaseka pang'ono, kuseka kosafika m'maso. "Dzanja linalemba lokha," anatero.

Anakonza manambala, anadula waya, anaukweza. Kalata inafika Lachisanu la sabata yomweyo, tisanayesenso. Agogo anali ataikidwa kale masabata atatu apitawo. Olembawo anati uthenga unalengezedwa pa wailesi kawiri, ndipo mayina a ana awo okhala kunja anatchulidwa.

Ndine wamkulu tsopano, ndipo ndinafunsapo odziwa. Akuti ngakhale dothi likanakhala lolondola, mawu a wailesi ija sakanafika kuno ndi kawaya ka kuseri kwa nyumba. Amalume ankadziwa bwino kuposa onsewo, komabe anasenza mlanduwo mpaka imfa yawo. Zimenezi zimandikwiyitsabe.

Amayi anatsitsa wayawo n'kuyamba kuyanikapo mayunifomu. Ine ndinasangalala, poganiza kuti njoka yanga ibwerera. Koma m'mawa mwake ndinapeza amalume ali pakompyuta, atabwezeramo manambala akale aja a ku Dowa, akungoyang'ana tsamba lija likujambulidwa pang'onopang'ono. Ndinawauza mwamatama kuti alakwitsanso dothi. Sananditembenukire.

"Ndikudziwa," anatero. "Ndi limene agonamo bambo."

Ndinathamanga kukauza amayi kuti amalume akukakamira kompyuta.