Lata Loyenda pa Njinga

Ku Mgona tinakhala zaka zinayi m'nyumba ya lendi, pa mdadada wa makomo asanu, chimbudzi chimodzi cha tonsefe. Khomo lathu linali lakumapeto, kumene mvula yamphepo imayambira kumenya. Amuna anga ankagwira ntchito ya sizoni ku fodya ku Kanengo ndipo ankapita wapansi. Ndicho chinatikhazika kumeneko. Sizoni ikatha ankangotola maganyu, choncho zosamuka zinkathera pakamwa.

Chipinda chathu chogona chinali ndi denga dzina lokha. Malata ake anali atadyeka ndi dzimbiri moti masana dzuwa linkagwera pabedi timadontho timadontho. Pamwamba anasanjikapo miyala, zidutswa za njerwa ndi tayala lakutha kuti mphepo isalinyamule. Mvula ikayamba, ndowa, beseni, mapoto ndi mbale zonse zinkalowa ntchito, ife n'kuunjikana pakona titafunda pepala lapulasitiki ngati tomato wapamsika.

Mwini mdadadawo, amene tonse tinkangoti alandilodi, anali bambo wadazi, mkulu wa mpingo, wokonda jekete ngakhale dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Mafoni am'manja anali atangoyamba kufala masiku amenewo, ndipo yawo inkakhala palamba, poonekera aliyense. Ukabwereka foni n'kuwaimbira kuti ndalama yalendi yapezeka, ankamva bwinobwino. Ukatchula denga, netiweki inkathawa.

Koma ndisawanamizire, bambo aja sanakanepo kukonza nyumba. Pakamwa pawo panali pozuna. Ndipo anali ndi umboni: lata limodzi latsopano, lonyezimira, lalitali bwino. Mwezi ukamapita kumapeto, makamaka mitambo ikayamba kuda ndipo anthu alendi tayamba kung'ung'udza, tinkamva phokoso kumsewu, khwe khwe khwe. Ndi alandilodi amenewo, akukankha njinga, lata atalimanga ndi malegeni pakaliyala. Ankalitsitsa mwaulemu ngati akutsitsa mkwatibwi, n'kuliyedzamitsa pakhoma lathu.

“Mwaona, amayi? Zipangizo zayamba kufika. Kwangotsala misomali basi.”

Ulendo woyamba ndinaimba nthungululu. Ndinawaphikira tiyi wamkaka, ndi mkaka wongogula tsiku lomwelo, ndipo mpaka lero tiyi ameneyo amandiwawa. Mdadada wonse unalipira lendi mosanyinyirika. Patapita masiku atatu alandilodi anabwera ndi njinga yopanda katundu.

“Mmisiri wati geji yake si imeneyi, lapyapyala kwambiri. Ndikasinthitse.”

Mwezi wotsatira lata linabweranso, n'kuchokanso chifukwa akuti linali lalifupi. Mwezi wina akuti ku Mgona kwachuluka akuba, kuli bwino akalisunge kunyumba. Ife tinkangoti mwina ndi malata osiyanasiyana, munthu akufunafuna loyenera.

Amene anatitsegula m'maso ndi aneba athu akhomo lachinayi, banja lachisilamu lochokera ku Mangochi. Mwamuna wake anali mmisiri wokhoma ndowa ndi mbaula, munthu wosayankhulayankhula, koma chitsulo ankachidziwa ngati mmene mayi adziwira mwana wake. Tsiku lina anakanda kachizindikiro ndi msomali kuseri kwa lata lija, osauza munthu. Mwezi wotsatira kachizindikiro kanabwera ndi njinga. Kenako, akutsatsa mbaula ku Area 25, analipeza lata lomwelo litayedzamira khoma la mdadada wina wa alandilodi omwewo, anthu akumeneko akulilondera monyadira, ana akuletsedwa kuliyandikira. Kumeneko ankalipira pakati pa mwezi. Lata linali ndi ndondomeko yake ya ntchito, ndipo silinajombepo.

Tinaseka mpaka misozi. Mkazi wa mmisiriyo, mnzanga wapamtima, ankati lata limenelo laona tauni kuposa ifeyo. Koma kuseka sikutseka denga, ndipo panalibe wolimba mtima woti awafunse alandilodi pamaso. Nyumba zotsika mtengo pafupi ndi Kanengo zinali zolimbirana. Ukatukula mutu, mawa lake upeza wina akuyeza makatani pawindo lako.

Mwana wanga woyamba, wamkazi, anabadwa mu Disembala. Mu Febuluwale mvula inagwa sabata yathunthu osapuma, zofunda sizinkauma, khoma linkachita kutuluka thukuta. Anayamba kubanika, nthiti zikulowa m'kati. Kuchipatala anati chibayo. Anamwalira ali ndi miyezi iwiri. A kuchipatala anandiuza kuti matendawa amabwera ndi tizilombo, ndipo sinditsutsana nawo, anaphunzira ndi iwo. Koma bulangete limene ndinkamufunditsa ndinkalifinya ndine.

Sabata imeneyo lata linali pakhoma lathu, kudikira malipiro. Pamaliro alandilodi analowa m'nyumba kudzapemphera monga mkulu wa mpingo. Anapemphera motalika, mawu akunjenjemera, mpaka amayi ena anayambanso kulira. Ali m'kati mwa pemphero, dontho linagwera padazi pawo, tho! Lachiwiri, tho! Sanatsegule maso. Anangosuntha mpando pang'ono n'kupitiriza. Mawa lake anabwera ndi njinga, ndipo atapeza kuti amayi ophika pamaliro anatchingira mphepo ndi lata lija, anadandaula kuti alidetsa ndi mwaye. Ndinawamva ndili m'nyumba. Tsiku limenelo ndinadana nawo, ndipo sindinalapebe.

Patapita zaka ziwiri ndinaimanso, ndipo masiku anga anagweranso m'dzinja. Mantha amene ndinali nawo sindingawafotokoze. Mtambo wakuda ukangooneka, maso anga ankathamangira kudenga. Amuna anga anayesa kumata mabowo ndi phula, koma dzimbiri silimatika, ukatseka pano pamang'ambika apo. Anapita kwa alandilodi kawiri, chipewa m'manja, n'kubwerako ndi vesi.

Amayi anga anabwera kuchokera ku Dowa kudzandidikirira. Amayi anga si munthu wofatsa. Kumudzi anakanganapo ndi aliyense, ndipo akasowa wokangana naye amakalipira nkhuku. Mwana anabadwa kumapeto kwa Januwale, wamwamuna, ndipo pamene tinkafika kunyumba kuchokera kuchipatala, lata linali litafika kale, likunyezimira pakhoma. Kumwamba kunali bii. Amayi analowa kuchipinda, anayang'ana kudenga, anatuluka n'kuyang'ana lata.

“Ili likudikira chiyani?”

“Misomali,” anatero mnzanga uja.

“Kuyambira liti?”

“Chaka chachitatu chino, amayi.”

Amayi anagwira mutu wa lata, mnzanga anagwira kumiyendo, n'kulilowetsa m'nyumba chopendeketsa, likukhula mafelemu a chitseko. Mmisiri anawadulira waya n'kumawalangiza ali panja, chifukwa chipinda chinali chitasanduka chikuta. Mwana wakhanda ndi mayi ake amabindikira mpaka mchombo utagwa, ndipo mwamuna salowamo wamba, ngakhale bambo wa mwanayo. Amuna anga anali atasamutsidwira kale pamkeka pabalaza. Amayi awiriwo anamangirira lata ku mapaso, pamwamba penipeni pa bedi, mbali imodzi yotsika kuti madzi azitsetserekera m'beseni. Denga m'kati mwa denga.

“Atithamangitsa anthu amenewa,” amuna anga ananong'ona pakhomo la chipinda.

“Atithamangitse mwana ali wouma,” ndinayankha.

Masana omwewo mvula inakhuthuka. Madzi ankadontha kuchokera kudenga lakale, n'kugwera palata, n'kutsikira m'beseni. Ine ndi mwana tinali pansi pake, bulangete louma. Ndinalira, osati ndi chisoni chokha ayi.

Tsiku lachitatu, cha m'mawa, ndinamva belu la njinga. Amayi a pamdadada anali panja akuchapa, ndipo ndinamva kuchapa kukuima. Zonse zotsatira ndinazimva ndili pabedi, chitseko chili chotsegula pang'ono.

“Zikomo kuno! Tamva kuti kwabwera mlendo, Ambuye alemekezeke. Koma lata lija lili kuti? Mmisiri akufuna akaliyeze.”

“Lili m'chikuta,” anatero amayi anga. Anali atakhala pakhomo penipeni, miyendo atatambasula.

“M'nyumba? Ayi, amayi, katundu ameneyo ndi wa ofesi. Tandipatsani njira ndikatenge.”

“Njira ilipo, bambo. Koma muyambe mwatiuza ngati muli wozizira.”

Kwathu amati munthu amene wagona ndi mkazi kapena mwamuna masiku omwewo ndi wotentha, ndipo akayandikira khanda la m'chikuta amalitsempha, mwana amatupa n'kumanyentchera. Funso limeneli amafunsana amayi okhaokha, monong'ona. Amayi anga analifunsa ngati akuitana munthu kutsidya kwa dambo.

“Amayi, ine ndine mkulu wa mpingo.”

“Sitinafunse udindo. Tamva kuti mayi akunyumba kwanu anapita kumudzi kukalima mwezi watha, ndipo sanabwere. Ndiye inu muyenera kuti mwazizira ngati madzi amumtsuko. Ngati ndi choncho, nenani pano anthu amve, mulowe. Mwana akatupa tidziwa koyambira kufunsa.”

Apa amayi ankagwiritsa ntchito zimene mnzanga uja anawanong'oneza dzulo lake. Mdadada wonse unkadziwa kuti ku Biwi kuli mayi wina wa saluni, amene nyumba yake, pa nyumba zonse za alandilodi, ndi yokhayo yosadontha. Ndipo alandilodi, ngakhale paguwa ankadzudzula miyambo, anakulira kumudzi ngati ife tomwe. Za tsempho ankaziopa.

“Zimenezo ndi zachikunja,” anatero.

“Ndiye lowani.”

Ndinkamva madzi akudontha kuchokera pa zovala zimene wina anaiwala kufinya. Nsapato za alandilodi sizinasunthe.

“Chabwino, ingonditulutsirani inuyo.”

“Chinthu cholowa m'chikuta sichituluka mwana asanatuluke.”

Lamulo limenelo sindinalimvepo chibadwire, ndipo ndikukhulupirira kuti linabadwa m'mawa womwewo pakhomo pathu. Koma amayi onse ochapa anavomereza pamodzi, a Dowa, a Ntchisi, ngakhale mnzanga wa ku Mangochi, kuti eya, kwawonso ndi momwemo. Kenako ndinamva alandilodi akuti “Halo? Halo?” mokweza, ngakhale foni sinalire. Anapita akuyankhula ndi netiweki, njinga ili yopanda katundu.

Mchombo unagwa tsiku lachisanu ndi chimodzi. Amayi anachita zoyenera zonse mwakachetechete, koma alandilodi sanauzidwe. Sabata iliyonse ankabwera, ndipo belu likangolira kumsewu ine ndinkathamangira kuchipinda ndi mwana.

“Kodi mchombo uja?”

“Sunagwe, bambo. Ana amasiku ano.”

Febuluwale yense anatha choncho. Mwana anayamba kumwetulira, masaya anatuluka, mchombo ukadali “wosagwa”. Mdadada wonse, anthu oti tinkatukwanizana chifukwa cha tsache ndi chingwe choyanikira, unasunga bodza limodzi popanda wolitaya. Tinamvanso kuti ku Area 25 zinthu zavuta. Anthu akumeneko, ataona kuti pakati pa mwezi padutsa popanda lata, anayamba kufunsa mafunso amene lata linkawatsekera pakamwa.

Mu Malichi alandilodi anatopa. Anaima pabwalo, patali ndithu ndi khomo, n'kulengeza kuti mwa chifundo chawo aganiza zotikonzera nyumba. Lata tilikhome, misomali tione tokha, ndipo popeza nyumba yakonzedwa, lendi ikwera kuyambira mwezi wamawa. Anakwezadi. Sabata yotsatira anthu anawaona akukankha njinga kulowera ku Area 25, pakaliyala pali lata lina latsopano. Munthu sasiya ntchito imene ikumudyetsa.

Tsiku lokhoma, ndinatuluka ndi mwana poyera koyamba, wonenepa, wopuma bwino. Amuna anga anatulutsa lata, mmisiri anakwera padenga ndi hamala ndi misomali isanu ndi itatu yotsala pa ntchito yake, ndipo anakana kulandira kanthu. Ndinakhala pakhonde n'kuyamba kuyamwitsa. Amayi a pamdadada ankaseka, akuti lata lapuma pantchito, lipatsidwe penshoni. Nanenso ndinaseka.

Polikweza, linatembenuka, ndipo ndinaona kuseri kwake. Kachizindikiro ka msomali kanali pomwepo, ndipo m'munsi mwake munali banga lakuda la mwaye wa pamaliro paja, limene alandilodi analephera kulichotsa. Kuseka kunandithera. Hamala inalira kangapo, mmisiri n'kutsika, akupukuta manja m'thalauza.

“Basi, achemwali, yatha.”

Mwana anali asanamalize n'komwe bere limodzi. Ntchito yonse inali imeneyo. Mlongo wake uja anafa lata lomwelo litayedzamira khoma, kunja kwa chipinda chimene ankabanikiramo.