Madala Opopera Malalanje

Pa famu ya malalanje ku Letsitele, aliyense amawadziwa madala a ku Mozambique amene amapopera mankhwala. Amayamba atsokomola asanapereke moni. Zikhadabo zawo zidada bii, khungu la m'manja limasupuka ngati la mbatata yophika, ndipo maso ndi ofiira chaka chonse. Ukawafunsa za chifuwa chawocho, amayankha mokalipa kuti, "Tizilombo timafa tsiku lomwelo, ine akundipha pang'onopang'ono." Kodandaula alibe, poti mapepala awo okhalira m'dzikomo adatha kale, ndipo munthu akangotsegula pakamwa kapitawo amatchula apolisi.

Tsiku lina kudabwera azungu ogula zipatso kudzayendera famuyo. Kapitawo adalawirira kugawa zophimba kumaso, magolovesi ndi maovololo atsopano, nalamula aliyense kuti azimwetulira. Madala adapuma bwino tsiku limenelo, koma mtima ukuwira. Kani zinthuzi zidalipo zaka zonsezi, zongotsekeredwa mosungira katundu!

Alendo atangochoka, kapitawo adatulukira ndi katoni. "Madala, bwezani. Si zanu izi."

"Mwana iwe, chikuwolachi ndi chifuwa cha alendo kapena changa?"

"Musandivute, madala. Mawa ndikuitanirani apolisi."

Madala adatsokomolera m'chophimba kumaso chija, nachiponya m'katonimo chili magazi okhaokha. "Tenga. Alendo ako akadzabweranso, udzavale ndiwe, udzamwetulire."

Kapitawo adanyamula katoni n'kuchoka. Apolisi sadabwere, poti ndani wina akadalola kubereka mpope wapoizoniwo? Madala akupoperabe mpaka lero.