Anapita kunkhondo ndi dzina la akulu awo

Ntchito yoyamba yolembedwa ndinaipeza ndili kale ndi ana anayi. Tinkatuluka ku Misa Lamulungu lina pamene akazi awo a akatekisita anandikokera pambali n'kundiuza kuti ku sekretariya yaing'ono yothandiza asilikali akale, pa Tsangano pompano, akufuna mzimayi wosesa ndi kutunga madzi. Chaka chimenecho bambo a kunyumba anali chigonere, munda wa kachewere uli m'manja mwanga ndekha. Ndinangonena chamumtima kuti Ambuye, ngati izi zachokera kwa Inu, ine ndipita.

Sukulu ndinalekeza kwarta kalasi, kalasi yachinayi. Zilembo ndinazidziwira ku Malawi tili othawa nkhondo, Chipwitikizi ndinachita kutolera titabwerera kuno. Ashefi athu, akulu a pa sekretariyapo, a Kasimiro, anandipeza tsiku lina ndikupukuta fumbi pa mapasta osungira mapepala, uku ndikuwasanja potsata maina. Anaima kanthawi akundiyang'ana, kenako anati, "Mayi a Domingu, tsachelo lisiyeni kaye. Khalani apa." Kuyambira pamenepo m'mawa ndinkasesa, dzuwa likakwera ndinkakhala pameza, tebulo la mu ofesi, ndi kaneta yolembera m'manja.

Ntchito yathu inali kukonza zolakwika m'mapepala a usilikali. Anthu amenewa anawalemba mwachangu nthawi yotula zida, ndiye wina mupeza chaka chobadwa chasiyana ndi cha pa bilyete, chiphaso chake cha unzika, wina mudzi si wake, wina zaka zimene anakhala kutchire zachepa. Tinkayamba ndi kalata yopempha kukonza, imene timati rekerimentu. Kumbuyo kwake tinkaika fotokopiya ya bilyete, fotokopiya ya kartau imene msilikali analandira potula mfuti, ndi umboni wa anthu awiri. Ambiri sadziwa kulemba dzina, choncho ankadinda chala. Ashefi anandiphunzitsa kuti chala cha mlimi chimakhala chong'aluka: uyambe wachipukuta ndi kansalu konyowa, chiume, kenako uchigudubuze pa tinta, inki yodindira, kuchokera mbali ino kupita mbali inayo, osakanikiza. Ukatha umamanga zonse pamodzi, ashefi amenya karimbu, chidindo cha boma, mpukutu wonsewo, umene timati prosesu, n'kupita ku Tete. Yankho linkatenga miyezi.

Ndinali nditakonza maprosesu angapo ndithu, mwina mpaka kuyamba kudzimva, pamene kunabwera a Zakariya. Kunali m'dzinja, mvula ili pakati. Anali bambo wamtali, wowonda, ndipo mkono wawo wamanja unalibe dzanja. Anatulutsa kartau m'kajumbo n'kundipatsa. Chithunzi chinali chitafufutika ndi madzi, koma dzina linkawerengeka bwino. Linali la Fabiyano.

Anandifotokozera pang'onopang'ono. A Fabiyano anali akulu awo. Tsiku limene asilikali anafika m'mudzi ndi maina a anyamata oti apite kunkhondo, dzina lolembedwa linali la a Fabiyano, amene mkazi wawo anali woyembekezera, masiku atayandikira. Amalume awo, eni mbumba, anagamula kuti apite wamng'ono amene sanakwatire. Ataitana kuti Fabiyano, anayankha ndi Zakariya, ndipo anayankhabe dzina limenelo zaka zonse za kutchire, mbali za ku Furancungo. A Fabiyano eni ake anathawira ku Malawi n'kumwalira komweko. Pa kartau panali chidindo cha chala chakumanja, chimene chikanathetsa nkhani yonse. Koma dzanja limenelo linapita ndi bomba lokwiriridwa pamene ankatsegulanso munda wa amayi awo, mtendere utabwera kale.

"Penisau, ndalama ya asilikali opuma ija, ndikuifuna, sindinama," anatero. "Koma chimene chimandiwawa n'choti boma likudziwa kuti anavutika ndi Fabiyano. Ine Zakariya sindinapite kulikonse."

Anandiuza kuti ku Ntengo-Wambalame kuli a Benjamini, amene ankagona nawo dzenje limodzi, ndipo mwa anzawo onse odziwa dzina lawo lenileni otsala ndi okhawo. Anapempha kuti tipite, a Benjamini akadinde ngati mboni. Sabata imeneyo ashefi anali kumaliro kwawo. Ine ndinaganiza za matope a msewu, ndinaganizanso mmene timachitira kwathu kuno. Pakabuka nkhani yoti uyu ndi mwana wa ndani, amafunsa eni mbumba, ndipo akayankha iwo nkhani yatha. Amalume aja analipo, okalamba koma nzeru zili bwino, mlongo wa a Zakariya wa bere limodzi analiponso, onse pafupi ndi msika. Pa zolakwika za chaka kapena mudzi tinkadinditsa abale, zinkadutsa. Choncho ndinawauza a Zakariya kuti asadzivute ndi ulendo. Anandiyang'ana pang'ono n'kunena kuti odziwa mapepala ndinu.

Amalume ndi mlongo wawo anabwera, ndinapukuta zala, zidindo zinatuluka zooneka bwino moti ndinanyadira. Ashefi atabwerako anapeza maprosesu ataunjikana, anamenya karimbu onse n'kupita nawo.

Prosesu ya a Zakariya inabwerera patatha miyezi isanu, tikukumba kachewere. Pamwamba analembapo ndi tinta yofiira kuti pamene pakusintha munthu yense, umboni wa abale sukwanira. Pafunika mmodzi amene anali naye m'gulu limodzi kunkhondo. Ashefi sanakalipe. Anati anayenera kuwerenga iwo asanamenye karimbu, kenako anafunsa ngati bamboyo sanatchuleko mnzake aliyense. Ndinati anatchula. Anangovula magalasi n'kuwaika pameza.

M'mawa mwake tinakwera mota, njinga zamoto, ziwiri, ine ndi a Zakariya. M'chikwama ndinatenga pasta, tinta, kansalu kaja ndi mapepala oyera. Msewu unali wouma, fumbi lokhalokha, ndipo mtima unkandiuza kuti ulendo umenewu tikanauyenda kale, ngakhale wapansi. Titaima kuti oyendetsa amwe madzi, a Zakariya anali osangalala kuposa mmene ndinawaonerapo. Ankaseka kuti a Benjamini ankaliza mkonono moti anzawo ankaopa kuti adani awamva, ndipo kuti lero awakumbutsa.

Titalowa pabwalo ndinaona phulusa la moto m'malo ambiri, ndi mitengo yokhalira itayalidwa m'mbali. Mayi aliyense amadziwa tanthauzo lake. Pakhonde panali amayi ometa kumutu, atavala zakuda. A Benjamini anali ataikidwa masabata atatu apitawo. Chinali chifuwa.

Tinakhala pansi, tinapepesa maliro monga mwa mwambo. Kenako amayi amasiyewo, osadziwa kanthu, anati malemu ankatidikira. Uthenga wa a Zakariya unawafika m'dzinja muja, ndipo nthawi zonse ikamveka mota pamsewu ankati mwina ndi Zakariya wabwera ndi mapepala, ndimudindire. Ndinadzikoka mpaka pafupi ndi a Zakariya, n'kugwada, n'kunena pamaso pa onse kuti wolakwa ndine, iwo anapempha kuti tibwere ndipo ndinakaniza ndine. Misozi inandilaka.

A Zakariya anayang'ana phulusa lija. Kenako anati, "Dzukani, mayi a Domingu. Munandilembera ndi mtima wabwino. Inenso miyendo ndinali nayo."

Anapita kumanda ndi mng'ono wake wa malemu, ine ndinatsala ndi amayi aja tikupemphera kolona. Atabwerako maso ali ofiira, anakhala pampando n'kufunsa ngati ndili ndi pepala losalembapo. Ndinatulutsa. Anati ndilembe zimene anene, m'Chichewa chomwechi. Ndinalemba nditatsamiritsa pasta pabondo: kuti iwo ndi Zakariya, anapita kunkhondo m'malo mwa akulu awo a Fabiyano chifukwa mlamu wawo anali woyembekezera, mapiri ndi mitsinje kumene anakhala, maina a anzawo amene anawakwirira ndi manja awo, ndiponso kuti anali ndi Benjamini kuyambira tsiku loyamba mpaka lotula mfuti. Pepala linadzaza mbali zonse ziwiri.

Ndinawauza mosabisa kuti pepala limeneli lilibe karimbu, ku Tete silingagwire ntchito. Anati akudziwa. Anatambasula dzanja lamanzere, ndinapukuta chala chachikulu, chinauma, ndinachigudubuza pa tinta. Amayi amasiye aja anati nawonso adinde, popeza zonsezi anazimva kwa amuna awo zaka ndi zaka. Ndinawapukuta iwonso. A Zakariya anadikira kuti tinta iume, anapinda pepalalo ndi dzanja limodzi, akuthandizira ndi chibwano, n'kuliika m'thumba la malaya.

Sitinasiye. Ashefi analembera anzawo a ku Macanga kuti afufuze ngati kuli wina wa gulu lija, ine ndinkafunsa m'mipingo ndi pamsika. Tinatumizanso prosesu ndi zonse zimene tinapeza. Mvula yotsatira a Zakariya anamwalira yankho lisanabwere, ndipo mpaka pano m'mabuku aja muli dzina la a Fabiyano. Mwana wawo wamkazi anandiuza kuti pamaliro anawerenga pepala lija mokweza, ndipo adzukulu ena anamva koyamba tsiku limenelo kuti agogo awo anapitira akulu awo kunkhondo.

Ndagwira ntchitoyi zaka zambiri tsopano, ndipo ndikuthokoza Mulungu chifukwa ana anga akula ndi ntchito yomweyi. Ndikuthokozanso kuti munthu amene ndinamulakwira kwambiri ndi amene anandidzutsa pansi. Koma kukhululukidwa sikunabweze a Benjamini. Chimene ndinatengapo n'chakuti anthu amene timawalemberawa akutha, ndipo mboni zawo zikutha nawo limodzi. Msilikali wakale akakhala pameza panga, ndisanagwire kaneta ndimafunsa kuti amene munali nawo kutchire, wamoyo ndani, ali kuti. Akatchula mudzi, sindiyang'ana kumwamba ngati kuli mitambo. Ndimanyamula tinta n'kupita sabata yomweyo.